Matumba a mpunga olembedwa 50 kg: kodi akuperewera zoona, kapena zangochitika?

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo popeza safunsa anadya phula, ndati ndiitule pano ndisanachite chinthu chimene ndingadzanong'oneze nacho bondo. Ndimapikula mpunga wopuntha kale kwa bambo wina amene amaugula kwa alimi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo tagulana kwa zaka zinayi popanda kukangana ngakhale kamodzi. Pa mwezi ndimatenga matumba pafupifupi 60, onse olembedwa kuti ndi a makilogalamu 50. Ine ndimaupakira m'majumbo a kilogalamu imodzi, ndipo posachedwapa ndaona kuti thumba likumatha majumbo asanakwane 50. Loweruka lapitali ndinaika matumba 10 pa sikelo yanga ndipo ndinapeza izi: 49.1, 50.2, 48.7, 49.5, 49.0, 50.1, 48.6, 49.4, 49.8 ndi 48.6. Awiri okha ndi amene anakwana. Bambo a kunyumba akuti ndisiye kugula kwa munthuyo lero lomwe, koma ine mtima ukundiletsa chifukwa nthawi ya mavuto amandikongoza katundu. Kodi manambalawa ndi umboni wokwanira kuti matumba ake ndi operewera?

Wogulitsa mpunga, msika waukulu wa Zomba:
Amayi, ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni kuti palibe munthu amene amadzaza thumba n'kukwana 50 ndendende. Wothira amathira ndi beseni, sikelo imagwedezeka, wosoka amataya pang'ono, ndipo pokweza ndi potsitsa m'galimoto mpunga umadontha m'misoko. Lina limapitirira, lina limaperewera. Matumba 10 ndi ochepa kwambiri kuti muipitsire munthu mbiri.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Zimene anena achimwene a kumsika ndi zoona mbali imodzi, ndipo mpomwe tiyenera kuyambira. Matumba sangafanane kulemera, choncho funso lenileni si lakuti kodi pali thumba loperewera, koma lakuti kodi kuperewera kumene amayi apeza n'kwakukulu kuposa kumene kusiyana kwa masiku onse kungabweretse. A masamu ali ndi njira yoyankhira funso lotere. Timayamba ndi kumukomera mtima wogulitsayo poganiza kuti akunena zoona, kuti tikanayeza matumba ake onse avareji yake ikanakhala 50. Ganizo loyambirali amalitcha null hypothesis. Tikatero timafunsa kuti, ngati ganizoli lili loona, n'kangati pamene munthu wotenga matumba 10 angapeze zotsatira zotalikirana ndi 50 ngati zimene zapezekazi?

Ndawerengera pa pepala. Matumba onse 10 pamodzi akulemera 493.0, ndiye avareji ndi 49.3, kusonyeza kuti thumba lililonse likuperewera magalamu 700 tikagawa mofanana. Kenako timayeza kumwazikana kwa manambalawo, kumene amakutcha standard deviation, ndipo pano n'kwa pafupifupi 0.6. Achimwene akunena zoona kuti thumba limodzi likhoza kutsika ndi theka la kilogalamu popanda wolakwa. Koma avareji ya matumba 10 simwazikana ngati thumba limodzi, chifukwa olemera ndi opepuka amakwirirana. Kuti tidziwe mmene avarejiyo imagwedezekera, timagawa 0.6 ndi square root ya 10 (nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 10, pafupifupi 3.16), ndipo timapeza 0.19. Tsopano tikagawa kuperewera kuja kwa 0.7 ndi 0.19 tikupeza 3.7. Nambala imeneyi amaitcha t. Pa matumba 10, tebulo la a masamu loonetsa malire a t limati t ikapitirira 2.26 tayamba kukayikira ganizo loyambira lija. Yathuyi yapitirira patali, ndipo zotere zingachitike mwangozi pafupifupi kamodzi pa maulendo 200.

Mnyamata wa kabaza, Mpondabwino:
Aphunzitsi, ndiye kuti nkhani yatha. Mwayi woti bamboyo ndi wosalakwa ndi umodzi pa 200. Amayi, musabwererekonso.

Wophunzira masamu, Chancellor:
Achimwene, ndikupempha kuti tisafulumire, chifukwa pamenepa mpamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaphonya. Nambala ya kamodzi pa 200 imene aphunzitsi atchula, imene timaitcha p-value, sinena za mtima wa bamboyo ndipo si mwayi woti iye ndi wosalakwa. Imangonena kuti matumba ake akanakhala a 50 pa avareji, zotsatira ngati izi zikanaoneka mwa apo ndi apo. Zikaoneka, timakayikira kuti avareji ndi 50, basi. Chifukwa chake cha kupereweraku manambala satiuza. Mwina sikelo ya bamboyo yafooka iye osadziwa, mwina sikelo ya amayi ndiyo ikunama, mwina mpunga unasokedwa usanaumitsitse n'kudzatsika kulemera uli m'nyumba yosungira. Zonsezi zingabweretse t yomweyo ya 3.7. Vuto la kumasulira p-value molakwika n'lofala kotero kuti mu 2016 bungwe la American Statistical Association linachita kutulutsa chikalata chochenjeza akatswiri enieni za nkhani yomweyi.

Pali china chimene ndachiona. Tikangowerenga kuti matumba 8 mwa 10 anali pansi pa 50, osayang'ana kuti anatsika motani, umboni umachepa mphamvu. Zili ngati kuponya ndalama yachitsulo ka 10 n'kupeza mbali imene munasankhiratu ka 8 kapena kuposerapo, zimene zimachitika maulendo 56 pa maulendo 1,024, kapena kuti maulendo 5 kapena 6 pa 100 aliwonse. Choncho mphamvu ya umboni wa amayi ili pa kukula kwa kupereweraku: awiri opitirira aja anapitirira ndi magalamu 100 ndi 200 okha, pamene ena anatsika ndi magalamu 1,400.

Wogulitsa mpunga, msika waukulu wa Zomba:
Ndikuvomera kuti simunamuweruze munthuyo, koma ndikadali ndi funso langa lija. Matumba 10 pa matumba 60 a pa mwezi, ndiponso pa mazana amene bamboyo amagulitsa kwa ena, angakuuzeni bwanji za onse?

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Funso limeneli ndi lomwe linabala njira imene tagwiritsa ntchitoyi. William Sealy Gosset ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness mu mzinda wa Dublin, ndipo ntchito yake inkamukakamiza kugamula za ubwino wa balere ndi zipangizo zina atayeza zinthu zochepa chabe. Njira zimene zinalipo nthawi imeneyo zinkayenera munthu amene wayeza zinthu zambirimbiri. Mu 1908 iye anasindikiza njira yake pa dzina longobwereka lakuti Student, ndipo mpaka lero tebulo lija timalitchula ndi dzina limenelo. Nzeru yake ndi yakuti mukayeza zochepa, mpanda woti mudumphe umakwera. Mukayeza zinthu mazanamazana mpandawo umakhala pafupi ndi 1.96, mukayeza 10 umafika pa 2.26, ndipo mukayeza 5 zokha umafika pa 2.78. Choncho kuchepa kwa matumba kwawerengeredwa kale mu masamuwo. Chimene masamu sangakonze ndi kasankhidwe ka matumbawo. Amayi, ndikufunseni mwaulemu: matumba 10 aja munawasankha bwanji?

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Aphunzitsi, ndinene zoona. Matumba 6 ndinangotenga amene anali pamwamba pa mulu, koma anayi enawo ndinawasankha nditayenda m'chipinda chosungiramo n'kumawakanikiza ndi dzanja. Amene ankaoneka ofwamphuka pakhosi, msoko wake utagwera m'kati, ndi amene ndinauza mnyamata wanga kuti akokere ku sikelo. Ndinkaganiza kuti ndikuchita bwino posankha amene ndinkawakayikira.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Zikomo ponena mosabisa, chifukwa yankho limeneli lasintha zonse. Masamu amene ndawerengera m'mawa aja tiwaike pambali. Kamodzi pa 200 kaja kamagwira ntchito pokhapokha thumba lililonse likanakhala ndi mwayi wofanana wosankhidwa. Munthu akasankha matumba ooneka opepuka, adzapeza avareji yotsika ngakhale kwa wogulitsa wokhulupirika kuposa onse m'boma lino. Mayi wophika akafuna kudziwa ngati mchere wakwana salawa mphika wonse, koma amayamba watakasa ndiwozo kenako n'kutapa pang'ono. Kutakasako ndiko kunasowa.

Wopuma ntchito ya kalembera, Sadzi:
Ndiikirepo umboni pa zimene aphunzitsi anena, popeza ndagwirapo ntchito yofunsa mafunso m'makomo. Ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, imawerenga munthu aliyense pa kalembera wamkulu yekha, monga wa mu 2018 amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Kafukufuku wina wa pakati, wa zaumoyo kapena wa kakhalidwe ka mabanja, amafika m'makomo ochepa chabe poyerekeza ndi dziko lonse. Chimene chimachititsa kuti zotsatira zake zikhulupirike ndi chakuti madera ndi makomo amasankhidwa mwa maere, ndipo wofunsa saloledwa kusintha. Ndikukumbukira tsiku lina titapatsidwa nyumba ya kutsidya kwa mtsinje, mvula itagwa usiku wonse, pamene pafupi ndi msewu panali nyumba zambiri za anthu otilandira bwino. Tinavula nsapato n'kuwoloka, mapepala tili nawo pamutu. Tikanamasankha nyumba zapafupi, tikanalemba za anthu okhala m'mbali mwa msewu n'kumati talemba za Malawi yense.

Amayi, chitani chonchi. Katundu wina akabwera, lembani ndi choko manambala pa matumba onse kuyambira 1 mpaka 60. Lembaninso manambala omwewo pa timapepala, mutipinde, mutiike m'chipewa, ndipo mwana atole 10 osayang'ana. Thumba limene nambala yake yatuluka liyezedwe, ngakhale litakhala pansi penipeni pa mulu. Komanso gamulani lero, musanayeze, kuti muyeza 10 ndipo mukafika pa 10 mulekeza, chifukwa munthu amene amapitiriza kuyeza mpaka manambala atagwirizana ndi zimene amaganiza, tsiku lina adzazipeza ndithu.

Wophunzira masamu, Chancellor:
Ndionjezere za sikelo. Sikelo ikamachotsa magalamu 400 pa thumba lililonse, ngakhale mutayeza matumba 1,000 osankhidwa bwino, cholakwikacho sichichoka, chimangooneka ngati umboni wamphamvu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene lili ndi udindo woyendera ndi kutsimikiza masikelo ogwiritsa ntchito pa malonda. Ndi bwino kuyezera pa sikelo imene yatsimikizidwa posachedwa, osati ya amayi kapena ya bamboyo, ndiponso kuyeza tsiku lomwelo limene katundu wafika kuti nkhani ya kuuma isalowepo.

Mlimi, Thondwe:
Pepani polowa ndi nkhani yanga, koma ndikuona kuti ndi yofanana. Chaka chatha ndinagula mbewu ya chimanga imene wogulitsa anandiuza kuti imamera 90 pa 100 iliyonse. Ndisanabzale m'munda ndinawerenga njere 100, ndinaziyala pa chiguduli chonyowa, ndinachipinda n'kumachiwaza madzi m'mawa uliwonse. Patatha sabata zinamera 84. Ndinabzalabe chifukwa mvula inali itagwa, koma mpaka lero sindidziwa ngati ndinanamizidwa.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Bambo, kuyesa kwanu kunali kwabwino. Mbewu ikakhala yomeradi 90 pa 100, mukamabwereza kuyala njere 100 simuzipeza 90 nthawi zonse. Kumwazikana kwake ndi njere 3, zimene timapeza tikachulukitsa 100 ndi 0.9 ndi 0.1 n'kutenga square root ya 9. Nthawi zambiri mudzapeza pakati pa 84 ndi 96. Inu munagwera pa malire penipeni, choncho ine sindikanamunena wogulitsayo, komanso sindikanamuyeretsa. Ndikanayalanso njere zina zambiri, zotapa pamwamba, pakati ndi pansi pa paketi. Mukanayala 400 n'kumera 336, gawo lake ndi lomwelo la 84 pa 100, koma pamenepo kukayika kukanatha, chifukwa zoyembekezeka ndi 360, kumwazikana ndi njere 6 zokha, ndipo inu mukanakhala mutatsika ndi 24. N'chifukwa chake akatswiri a kafukufuku wa ulimi, monga a ku Makoka kufupi ndi kwanuko, sabzala mtundu wa mbewu pa ndime imodzi n'kugamula, koma amabwereza pa ndime zingapo zosakanikirana.

Mnyamata wa kabaza, Mpondabwino:
Ndamva kuti ndinafulumira. Koma malire amenewa anawaika ndani? Bwanji 84 ili pa malire, osati 85 kapena 80?

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Malirewo ndi mgwirizano wa anthu, si lamulo la chilengedwe. Amene anawatchukitsa ndi Ronald Fisher, amene anayamba ntchito mu 1919 pa malo a kafukufuku wa ulimi a Rothamsted ku England. Iye ankaona kuti chinthu chimene chingachitike mwangozi kosakwana kamodzi pa maulendo 20, kapena kuti 5 pa 100, n'choyenera kuchiyang'anitsitsa. M'buku lake la mu 1935 anafotokoza za mayi wina amene ankati amatha kuzindikira ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Fisher anakonza makapu 8, anayi a mtundu uliwonse, osakanizidwa mwa maere. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi mwa 8, choncho wongolota angalondole onse kamodzi pa 70. Mu 1933 Jerzy Neyman ndi Egon Pearson anaunikira kuti pogamula tikhoza kulakwa m'njira ziwiri: kukana ganizo loyambira lili loona, kapena kulisiya lili labodza. Kwa amayi athuwa, kulakwa koyamba ndi kutaya munthu wokhulupirika amene amawakongoza pa mavuto, ndipo kwachiwiri ndi kupitiriza kulipira mpunga umene sakulandira. Mukakhwimitsa malire kuti mupewe koyamba, mumatsegula khomo la kwachiwiri, pokhapokha mutayeza matumba ambiri. Ndi mwini bizinesi amene angadziwe kulakwa kumene kungamupweteke koposa.

Mayi wa lesitilanti, Chikanda:
Zimenezi zandikumbutsa za mwana wanga amene amandisungira mabuku. Mwezi watha anandiuza kuti chiikireni chikwangwani chatsopano pamsewu, mbale zogulitsidwa pa tsiku zakwera, ndipo akufuna tilipire china chachikulu.

Wophunzira masamu, Chancellor:
Amayi, onani kaye tsiku limene chikwangwanicho chinaikidwa. Ku Chikanda malonda amatsata ophunzira a ku yunivesite, ndipo ngati chinaikidwa sabata imene sukulu inatsegulira, kapena kumapeto kwa mwezi anthu atalandira malipiro, mbale zikanakwera ngakhale popanda chikwangwani. Yerekezani masabata ofanana, monga a pakati pa mwezi sukulu ili m'kati. Chenjezo lina ndi lakuti munthu akafufuza zinthu zambiri m'buku limodzi, monga tsiku la sabata, mtundu wa ndiwo, wophika, nyengo ndi zina, china chake chidzaoneka ngati chikugwira ntchito. Mukayesa zinthu 20 zosadalirana zimene zonse zilibe mphamvu, pa malire a 5 pa 100, mwayi woti chimodzi mwa izo chikupusitseni ndi pafupifupi 64 pa 100. Funso liyambe, manambala abwere pambuyo.

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Ndabweranso patatha masiku 9. Katundu anafika dzulo m'mawa ndipo ndinachita monga munandilangizira. Mdzukulu wanga ndiye anatola timapepala m'chipewa, ndipo matumba atatu anali a pansi pa mulu moti anyamata anadandaula pophwasula. Tinawatengera pa wilibala kwa mnzanga wa hadiweya amene sikelo yake inatsimikizidwa chaka chino. Zotsatira ndi izi: 49.9, 49.4, 50.3, 49.6, 49.8, 49.2, 50.1, 49.7, 49.5 ndi 49.5. Tinayezanso matumba atatu mwa amenewa pa sikelo yanga, ndipo inkaonetsa magalamu pafupifupi 200 kutsika poyerekeza ndi ya mnzangayo. Choncho gawo lina la mlandu umene ndinkamusungira bamboyo linali la sikelo yanga.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Mwagwira ntchito yooneka, amayi. Onse pamodzi ndi 497.0, avareji ndi 49.7, kumwazikana ndi 0.33, ndipo tikagawa ndi square root ya 10 tikupeza 0.105. Kuperewera kwa 0.3 tikakugawa ndi 0.105 kukupereka t ya 2.85, imene yapitirira 2.26. Matumba akanakhala a 50 pa avareji, zotere zikanaoneka pafupifupi kawiri pa maulendo 100. Choncho pa katundu ameneyu pali umboni wakuti matumba akuperewera, koma osati ndi magalamu 700 aja. Manambala akuloza ku magalamu 300, ndipo tikapereka mpata wa kugwedezeka kwa avareji, kupereweraku kukhoza kukhala pakati pa magalamu 60 ndi 540 pa thumba. Mpata umenewu ndi wofunika kuposa p-value, chifukwa ndi umene mungausandutse ndalama.

Wogulitsa mpunga, msika waukulu wa Zomba:
Magalamu 300 pa thumba la 50 ndi zimene ine ndingayembekezere kwa munthu amene amayeza mpunga pa chigayo n'kuunyamula pa msewu wa fumbi kuchokera ku Kachulu. Wakuba satenga pang'ono chonchi. Komabe ndivomere kuti pa matumba 60 ndi makilogalamu 18 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi matumba anayi ndi kuposerapo. Ife ambiri timathira kowonjezera pang'ono posoka kuti thumba likafike lokwana, ndipo si chinthu chachilendo kumupempha kuti azitero.

Wopuma ntchito ya kalembera, Sadzi:
Kumbukiraninso kuti mwayeza katundu wa ulendo umodzi, wa nyengo imodzi. Sungani kope, ndipo ulendo uliwonse muzitola matumba 5 mwa maere n'kulemba tsiku ndi kulemera kwake. Pakatha miyezi itatu mudzaona ngati kupereweraku n'kokhazikika kapena kumatsata nyengo yokolola, pamene mpunga umakhala usanaumitsitse.

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Ndalankhula nawo bambo aja madzulo ano. Ndinawaonetsa pepala la manambala onse, ndinawauza mmene tinasankhira matumba, ndipo ndinayamba ndi kuwauza kuti sikelo yanga yapezeka yolakwika. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana pepalalo, kenako anati sikelo yawo ndi yokoloweka pa mtengo ndipo papita zaka isanayenderedwe. Tagwirizana kuti ulendo wamawa adzabwera nayo, tidzayezere limodzi matumba amene maere adzagwere pa masikelo onse atatu, ndipo zoperewera azidzachotsa pa mtengo. Yanga ndaipereka kale kuti ikakonzedwe, ndipo mpaka itabwera ndikupakira majumbo pa sikelo yobwereka, chifukwa ngati imaonetsa kutsika ndiye kuti ndakhala ndikuthira mpunga wopitirira m'jumbo lililonse. Aphunzitsi, ndikayamba kope lija ndidzakutumizirani manambala a ulendo woyamba kuti mundionetse kuwerengera ndekha.